Kodi Paul Muldoon ndani?

Funso: Akonzi, aphunzitsi athu amatchulatchula mlakatuli Paul Muldoon. Kodi ameneyu ndani, nanga ndiyambe ndi buku lake liti? — Wophunzira, Zomba

Yankho: Zikomo pofunsa. Muldoon anabadwa mu 1951 ku County Armagh, ku Northern Ireland. Anaphunzira pa Queen's University ku Belfast, komwe mlakatuli Seamus Heaney ankaphunzitsa ndi kumulimbikitsa. Buku lake la ndakatulo, New Weather, linatuluka mu 1973. Atagwira ntchito ku wailesi ya BBC kwa zaka 13, anasamukira ku America mu 1987 n'kumaphunzitsa pa yunivesite ya Princeton. Mu 2003 analandira mphotho ya Pulitzer chifukwa cha buku lake lotchedwa Moy Sand and Gravel.

Ndakatulo zake n'zozama, zamikuluwiko, koma musagwe ulesi. Yambani ndi New Weather, ndipo muziwerenga mokweza kuti mumve kukoma kwake.