Ovaova m'sitima ya panyanja: mafunso a makolo oyenda ndi achinyamata

Sitima ya Icon of the Seas, imene inayamba kunyamula alendo kuchokera ku Miami mu Januwale 2024, ndi yotalika pafupifupi mamita 365, ili ndi nsanjika 20, ndipo ikadzaza imatenga alendo 7,600. Ndi tauni yoyandama. Mwana wa zaka 15 akangomaliza chakudya cham'mawa n'kunena kuti "ndikubwera", mayi ake akhoza kudzamuonanso dzuwa litapendeka. N'chifukwa chake makolo ena amalongedza timawailesi tolankhulirana, tija ambiri amangoti ovaova.

Foni ilipo, ovaova ndi wa chiyaninso?

Sitima ikatalikirana ndi gombe, netiweki ya kumtunda imatha. Foni ikasiyidwa choncho imalumikizana ndi netiweki ya sitimayo yodzera pa satelayiti, ndipo mtengo wake ndi wokwera kwambiri. Intaneti ya m'sitima nayo kawirikawiri imalipiridwa padera. Ovaova safuna mayunitsi kapena nsanja ya netiweki. Munthu amangodina batani, kulankhula, n'kulisiya kuti mnzake ayankhe.

Kodi amamvekadi bwino m'kati mwa sitima?

Apa ndi pamene ambiri amagwiritsidwa mwala. Pabokosi la ovaova amalemba kuti mawu amafika makilomita makumi angapo, koma zimenezo zimatheka pamalo opanda chotchinga, monga kuchokera paphiri kufika paphiri lina. Sitima ndi chitsulo chokhachokha: pansi, kudenga, ngakhale makoma a zipinda zogona, moti maginito amamata pakhoma. Chitsulo chimatchinga mafunde a wailesi.

Mphamvu ya ovaova ndi yochepanso. Maovaova a FRS, omwe bungwe loyang'anira mafunde a wailesi la FCC linawaloleza ku America mu 1996, amagwiritsa ntchito 462 ndi 467 MHz, ali ndi matchanelo 22, ndipo sadutsa mawati 2. Pa matchanelo 8 mpaka 14 malire ndi theka la wati. Bambo ali pabwalo la pamwamba, mwana ali padziwe losambira, amamvana bwinobwino. Koma bambo yemweyo akalowa m'chipinda cha m'kati chopanda windo, mwana ali nsanjika khumi pamwamba pake, chimene chimamveka ndi kusokosera basi.

Nanga nambala ya "privacy code" imene imaikidwa pa ovaova simabisa zokambirana?

Ayi. Dzinalo ndi lonyenga. Nambalayo imangothandiza kuti munthu asamve ena amene ali pa tchanelo chomwecho, koma aliyense amene sanaike nambala amamva zonse. Choncho nambala ya chipinda si yotchula pa ovaova, makamaka akamalankhula ndi mtsikana amene akuyenda yekha. Ndipo poti matchanelo ndi ochepa pamene mabanja ndi ambirimbiri, mawu akuti "uli kuti?" akhoza kuyankhidwa ndi mwana wa eni ake.

Kodi amaloledwa kulikonse?

Zimatengera kampani. Norwegian Cruise Line inaika maovaova pa mndandanda wa katundu woletsedwa, pamene makampani ena amawalola. Mndandandawo umasinthasintha, ndiye ndi bwino kuuwerenga ulendo usanayambe.

Malamulo a mayiko nawo amasiyana. Ku Ulaya ovaova wosafuna laisensi ndi wa PMR446, wa 446 MHz ndi theka la wati, ndipo wa FRS saloledwa kumeneko. Mtundu wa 446 womwewo umagulitsidwanso ku South Africa, kumene sitima za MSC zimanyamuka ku Durban kupita ku Portuguese Island ndi Pomene ku Mozambique. Wailesi ya amalinyero ya VHF ndi nkhani ina: tchanelo 16, pa 156.8 MHz, ndi choitanira thandizo pangozi, osati choitanira mwana kudzadya.

Achinyamatawo amavomera kuyenda naye?

Vuto lenileni lagona apa, ndipo si la chitsulo. Mwana wa zaka 16 amene wangopeza anzake atsopano safuna kuti mawu a mayi ake atulukire m'thumba akufunsa ngati wadya. Amatsitsa voliyumu, kapena kumuiwala dala pabedi. Kumalo a nyimbo sangamumve n'komwe, ndipo m'holo ya zisudzo phokoso lake limakwiyitsa alendo ena. Foni yokha ndi imene sichoka m'manja mwake.

Ndiye njira ina ndi iti?

Makampani akuluakulu ali ndi mapulogalamu a pafoni otumizirana mauthenga kudzera pa Wi-Fi ya m'sitima, popanda kugula intaneti yonse. Pa Navigator ya Disney Cruise Line macheza ndi aulere, pa HUB ya Carnival pamakhala kandalama kochepa pa munthu aliyense. Nthawi zina uthenga umachedwa kufika, koma Wi-Fi imafalitsidwa ndi zida zoikidwa m'nsanjika zonse, choncho imafika kumene ovaova amalephera.

Zachikale nazo zimagwirabe ntchito: kapepala komata ndi maginito m'chipinda, matelefoni a m'makonde oimbira kuchipinda, ndi pangano loti banja lonse likumane pa chakudya chamadzulo. Usiku sitima imathandizako yokha. Pa Carnival ndi Royal Caribbean, wosakwana zaka 18 saloledwa kuyendayenda popanda wamkulu ikadutsa 1 koloko usiku.