Kompyuta ndi printa sizikulumikizana: vuto lili pati?

Funso: Ndili ndi kashopu kotayipa ndi kusindikiza ku Luwinga, pafupi ndi Mzuni. Kompyuta ili ndi adiresi 192.168.1.100, printa 192.168.1.20, ndipo subnet mask ya zonse ndi 255.255.255.192. Mawaya ali bwinobwino, koma ndikatumiza pepala silituluka. Kodi printayi yafa? Wowerenga, Luwinga, Mzuzu.

Yankho: Musathamangire kugula printa ina, chifukwa vuto lili pa manambala mwalembawa. Ambiri akaona kuti 192.168.1 ikufanana amati zipangizozo zili pa netiweki imodzi, pomwe malire amaikidwa ndi mask. Adiresi ya IPv4 ili ndi mabiti 32. Mask yanu ikupereka mabiti 26 ku netiweki, 6 otsalawo ku zipangizo, n'chifukwa chake imalembedwanso kuti /26. Chotsani 192 pa 256, mupeza 64. Ndiye kuti magawo akuyambira pa 0, 64, 128 ndi 192. Nambala 20 ili m'gawo la 0 mpaka 63, pomwe 100 ili m'gawo la 64 mpaka 127. Netiweki ya kompyuta yanu ndi 192.168.1.64, ndipo 127 ndi ya broadcast, choncho zipangizo zimatenga 65 mpaka 126, maadiresi 62 basi. Kompyuta ndi printa zili ngati nyumba zoyandikana zokhala ndi mpanda pakati. Popanda rauta yodziwa magawo onse awiri, uthenga sudutsa.

Ena angakuuzeni kuti ingoikani 255.255.255.0 paliponse, nkhani ithe. Pa kashopu ka zipangizo zochepa akunena zoona, ndipo mungakhale ndi maadiresi 254. Koma ngati ophunzira amagwiritsa ntchito Wi-Fi yanu, kugawa kuli ndi phindu, chifukwa rauta ikakonzedwa bwino foni ya kasitomala singafike pa kompyuta yosungira ntchito za anthu. Enanso amati pa intaneti pali zowerengera zaulere. Zilipodi, koma zimangoyankha zomwe mwazifunsa, sizingakusankhireni kukula kwa gawo, ndipo tsiku lomwe mukuzifuna kwambiri ndi lomwe intaneti yadukanso. Masamu ochotsa pa 256 aja aphunzireni pamtima.

Pakadali pano ipatseni printa 192.168.1.70, mutatsimikiza kuti palibe chipangizo china chomwe chikugwiritsa ntchito nambalayo, kenako muiyikenso pa kompyuta ndi adiresi yatsopanoyo.