Ukwati sufufuta masiku opitirira: zoyenera kudziwa ochita geni ku Joni

Pakati pa amalonda okaoda katundu ku Joni pali mawu amene afala kwambiri. Akuti munthu akangomanga banja ndi nzika ya South Africa ndiye kuti za mapepala zatheka, ngakhale masiku a pa chidindo atapitirira kalekale. Mawuwa ndi okoma kumva, koma malamulo a dzikolo sanena choncho. Ukwati umapatsa munthu mwayi wopempha chilolezo chokhala m'dzikomo, koma sufufuta mlandu wokhalamo masiku atatha. Wosamvetsa kusiyana kumeneku akhoza kutaya shopu, katundu ndi mwayi wokhala ndi banja lake pa tsiku limodzi.

Masiku 30 a pa chipata

Mmalawi wa pasipoti yabwinobwino safunika kupempha viza asananyamuke. Akafika pa chipata cha Beitbridge kapena pa bwalo la ndege la OR Tambo, amamudindira masiku osapitirira 30. Chidindocho ndi chilolezo cha mlendo. Munthu akhoza kucheza, kugula katundu wake ndi kubwerera, koma sichimulola kulembedwa ntchito kapena kutsegula malo ogulitsira. Tsiku lofunika ndi limene lalembedwa pa chidindo, osati limene munthu akuwerengera m'mutu, choncho ndi bwino kuliyang'ana asanachoke pa kauntala.

Kale wopitiriza masiku ankangolipira chindapusa n'kudutsa. Izi zinatha pa 26 Meyi 2014 pamene malamulo atsopano otsatira lamulo la Immigration Act la 2002 anayamba kugwira ntchito. Kuyambira pamenepo wopitiriza masiku amalembedwa kuti ndi munthu wosafunika m'dzikomo, ndipo amapatsidwa pepala lotchedwa Form 19 pamene akutuluka. Akapitiriza ndi masiku osaposa 30, amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi. Akabwereza kachiwiri miyezi 24 isanathe, chiletso chimakhala cha zaka ziwiri. Akapitiriza ndi masiku oposa 30, chiletso ndi cha zaka zisanu.

Mwachitsanzo, mayi wogulitsa nsapato amene chidindo chake chikutha pa 31 Malichi akatuluka pa 20 Epulo wapitiriza ndi masiku 20, ndipo adzakhala chaka chathunthu osaponda ku Joni. Akadikira mpaka pa 10 Meyi, masiku opitirira afika 40 ndipo chiletso chakwera kufika zaka zisanu. Ngati mayiyu amapita kamodzi pamwezi, ndiye kuti wataya maulendo 60 okaoda katundu. Makasitomala sadikira zaka zisanu, amapeza wina wowabweretsera.

Chilolezo chokhazikika chili kumapeto kwa mzere

Chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale, chimene ambiri amangochitcha PR, si chinthu choyamba kupempha munthu akangochoka kokadulitsa ukwati. Gawo 26(b) la lamulo lija limati wokwatira kapena wokwatiwa ndi nzika, kapena ndi munthu amene ali kale ndi PR, akhoza kupempha chilolezochi banja likakwanitsa zaka zisanu. Boma limafunanso kukhutira kuti banjalo ndi lenileni. Chinanso n'chakuti wopempha ali m'dzikomo ayenera kukhala ndi viza yamoyo pa tsiku lopereka mapepala. Amene masiku ake anatha sangafike n'komwe pa sitepe imeneyi.

Ndiye pa zaka zisanuzo munthu amakhala ndi chiyani? Pali mitundu iwiri ya viza ya kanthawi imene anthu apabanja amapempha. Yoyamba ndi viza ya wachibale ya pa gawo 18, yomwe imafika zaka ziwiri koma simulola munthu kugwira ntchito kapena kuchita malonda. Yachiwiri ndi ya pa gawo 11(6), ndipo imeneyi ndiye yothandiza wamalonda, chifukwa ikhoza kulembedwa kuti mwiniwake aloledwe kugwira ntchito, kuphunzira kapena kuyendetsa bizinesi yake. Ubwino wake umaoneka poyerekeza ndi viza ya bizinesi, imene imafuna mpamba wa ma randi 5 miliyoni, ndalama imene wogulitsa zovala kapena mwini kashopu sangaikwanitse. Wa pa gawo 11(6) safunsidwa mpamba umenewu, koma amayenera kusonyeza kuti bizinesiyo inalembetsedwa, kuphatikizapo ku SARS, bungwe lotolera msonkho.

Mu Juni 2019 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dzikolo linagamula mlandu wa Nandutu, mayi wa ku Uganda, ndipo linati mkazi, mwamuna kapena mwana wa nzika kapena wa mwini PR asamakakamizidwe kubwerera kwawo kuti akapemphe viza ina. Akhoza kusintha kuchoka pa viza ya mlendo ali m'dziko momwemo. Ambiri amamva chigamulochi molakwa. Chinathandiza munthu amene viza yake ya mlendo idakali yamoyo, sichinanene kuti wopitiriza masiku wakhululukidwa. Kwa Mmalawi izi zikutanthauza kuti masiku 30 aja ndi ochepa kwambiri, ndipo wodziwa kuti akukamanga banja anyamule mapepala onse pochoka kumudzi.

Masiku akatha kale, njira zilipo ziwiri

Njira yoyamba ndi kudzipereka yekha ku ofesi ya Home Affairs, ku nthambi ya oyendera za olowa ndi kutuluka, n'kupempha kuti aloledwe kukhala m'dzikomo pamene akukonza mapepala. Pempholi limadziwika kuti good cause, ndipo likavomerezedwa munthu amapatsidwa Form 20. Pepala limeneli ndi limene limamutsegulira njira yokapereka pempho la viza ku VFS Global, kampani imene imalandira mapepala m'malo mwa Home Affairs kuyambira 2014. Koma pali zoyenera kukwaniritsa. Munthuyo akhale kuti sanamangidwe kapena kulamulidwa kale kuti atuluke. Asonyeze kuti analephera kukonza viza pa nthawi yake pa zifukwa zimene sakanatha kuzipewa, monga kugonekedwa m'chipatala, ndipo pakhale umboni wolembedwa. Asonyezenso kuti tsopano ali ndi zonse zofunika pa viza imene akufuna. Kunena kuti malonda anali kuyenda bwino kapena kuti ndalama ya basi inasowa sikuthandiza kwenikweni. Setifiketi ya ukwati imalimbikitsa pempho, koma payokha si chifukwa chimene munthu anapitirizira masiku. Popeza wodzipereka akhoza kukanidwa n'kulamulidwa kutuluka, ndi nzeru kuyamba waonana ndi loya wodziwa za malamulowa. Mabungwe monga Lawyers for Human Rights ndi Scalabrini Centre ya ku Cape Town amathandiza anthu ochokera kunja pa nkhani zotere.

Njira yachiwiri ndi kutuluka mwa kufuna kwake, kulandira Form 19, kenaka n'kuchita apilo kuti chiletso chichotsedwe. Apilo imayenera kuperekedwa pasanathe masiku 10 ogwira ntchito. Imalembedwa m'kalata yofotokoza zifukwa, pamodzi ndi kope ya Form 19, masamba a pasipoti ndi maumboni ena monga kalata ya dokotala, setifiketi ya ukwati ndi makalata obadwira a ana. Chiletso chikachotsedwa, pempho la viza ya apabanja likhoza kuperekedwa kudzera ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe. Form 19 si pepala lotaya m'basi chifukwa cha mkwiyo, pakuti popanda ilo apilo imavuta.

Pali njira yachitatu imene ambiri amatsata, yongokhala chete n'kumayembekezera kuti zaka zikachuluka boma lidzamva chisoni. Imeneyi si njira. Kukhala m'dzikomo popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo chilango chake ndi chindapusa kapena ndende mpaka zaka ziwiri. Wogwidwa akhoza kusungidwa ku Lindela, malo osungirako anthu oyembekezera kubwezedwa kwawo ku Krugersdorp, mpaka masiku 120. Wobwezedwa mokakamiza amalowa m'gulu la anthu oletsedweratu, ndipo chiletso chotere sichitha chokha ngati cha zaka zisanu chija, chimafuna kuti mkulu wa Home Affairs achite kuchichotsa.

Madobadoba ndi maukwati a papepala

Pamene pali anthu othedwa nzeru sipasowa madobadoba. Ena amatenga pasipoti n'kuitumiza ku chipata ndi munthu wa pa basi kuti ikadindidwe ngati mwiniwake anatuluka n'kulowanso. Ena amagulitsa viza yomata kale. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zolowa ndi zotuluka zimasungidwa pa kompyuta, ndipo chidindo chikapanda kugwirizana ndi zimene zili m'kompyutamo chimaonekera tsiku limene munthu akupempha viza yeniyeni. Gawo 29 la lamulo lija limaika wopezeka ndi viza, pasipoti kapena chitupa chachinyengo m'gulu la oletsedweratu. Wongopitiriza masiku ali ndi poyambira, koma wa chidindo chabodza wadzitsekera yekha khomo, ngakhale banja lake litakhala lenileni.

Ukwati wogula nawonso uli ndi mbuna zake. Mlendo akamamanga banja ndi nzika, awiriwo amafunsidwa mafunso ndi wa ofesi yoona za olowa ndi kutuluka, ndipo mlendoyo amafunika kalata yochokera kwawo yotsimikiza kuti alibe banja lina. Ngakhale PR itatuluka, lamulo limati imafa ngati banja latha pasanathe zaka ziwiri kuchokera tsiku limene inaperekedwa, kupatula ngati mnzakeyo wamwalira. Wolipira munthu kuti akhale mkazi kapena mwamuna wa papepala amakhala m'manja mwa munthuyo zaka zonsezi. Ngati sanasainirane pangano logawa chuma asanakwatirane, malamulo a dzikolo amatenga chuma cha awiriwo ngati cha pamodzi, kutanthauza kuti theka la shopu ndi katundu ndi la munthu uja, ndipo ngongole zake zimagweranso pa chuma chomwecho.

Banja la malowolo ndi lovomerezeka pansi pa lamulo la maukwati a chikhalidwe la 1998, ndipo limayenera kulembetsedwa ku Home Affairs pasanathe miyezi itatu. Popempha viza ofesi imafuna setifiketi, osati mawu a ankhoswe okha. Anthu ongokhalira limodzi osadulitsa ukwati akhozanso kupempha viza ya kanthawi akasonyeza kuti akhala pamodzi zaka ziwiri, ndipo amafunika pangano losainidwa pamaso pa loya wovomerezeka kuchitira umboni mapangano otere.

Chifukwa chake nkhaniyi ndi ya malonda

Ena amaganiza kuti bola kulembetsa shopu m'dzina la mkazi kapena mwamuna wa komweko n'kumagulitsa mwakachetechete. Mu Novembala 2024 Pulezidenti Cyril Ramaphosa analamula kuti mashopu onse a spaza ndi malo ogulitsira zakudya alembetsedwe ku makhonsolo, ndipo tsiku lomaliza linasunthidwa kufika pa 28 Febuluwale 2025. Mlendo wofuna kulembetsa anafunika kusonyeza mapepala omulola kukhala ndi kuchita malonda m'dzikomo. Wopanda mapepala amavutika kutsegula akaunti ku banki, kusaina lendi m'dzina lake kapena kukadandaula kupolisi akaberedwa. Mpamba wake wonse umakhala m'dzina la wina, ndipo pakabuka mkangano m'banja amatsala manja lende.

Kwa amene ali ndi ana, pali chigamulo china chothandiza. Mu Disembala 2023, pa mlandu wa Rayment, khoti lomwe lija linati kholo lochokera kunja limene likulera mwana yemwe ndi nzika kapena mwini PR lisathamangitsidwe kapena kuletsedwa kugwira ntchito chifukwa choti banja latha, koma lipatsidwe mpata wopempha viza ina lili m'dziko momwemo. Apanso phindu lake limafika msanga kwa amene anali ndi viza yamoyo pamene banja limatha.

Mndandanda wake

Wamalonda amene wapeza banja ku South Africa atsate zinthu motsatana, monga mmene amayambira kubweza ngongole ya katundu wakale asanatenge watsopano. Choyamba akonze za masiku opitirira, kudzera pa Form 20 kapena potuluka ndi kuchita apilo. Chachiwiri apemphe viza ya pa gawo 11(6) yomulola kuchita bizinesi, atasonkhanitsa pasipoti yamoyo, setifiketi ya ukwati, chitupa cha mnzake, kalata ya mnzakeyo yomuikira kumbuyo, kalata ya polisi yosonyeza kuti alibe mlandu ndi kalata ya dokotala. Chachitatu aziwonjezera vizayo kudakali masiku 60 kuti ithe. Chachinayi, banja likakwanitsa zaka zisanu, apemphe PR. Risiti ya pempho la PR si viza. Yankho limachedwa, nthawi zina kupitirira chaka, ndipo nthawi yonseyi viza ya kanthawi iyenera kukhala yamoyo, apo ayi munthu amabwerera pamene anayambira.

Maumboni a banja asungidwe ngati marisiti a katundu: lendi yokhala ndi mayina onse awiri, mapepala a ku banki, makalata obadwira a ana. Ndipo kwa ongopita kukaoda n'kubwerera, tsiku la pa chidindo lilembedwe m'kabuku komweko kamene amalembamo mitengo ya katundu, ndipo tikiti ya basi yobwerera idulidwe kudakali masiku angapo, chifukwa basi ikafa panjira kapena mzere ukatalika pa Beitbridge, tsiku limodzi lokha lopitirira ndi lokwanira kutseka geni kwa chaka chathunthu.