Kodi njinga za matayala anayi zingayende pa Chilwa?

Funso: Ndimachita kabaza wa njinga yamoto pamsewu wa Zomba kupita ku Kachulu. Ndinaona pafoni alendo akuthamanga ndi njinga za matayala anayi pamilu ya mchenga ku Swakopmund, m'dziko la Namibia. Nanga ine sindingayambe zomwezi Chilwa ikaphwa?

Yankho: Achimwene, Chilwa si chipululu. Ku Swakopmund ndi mchenga wouma, komabe alendo amayenda pambuyo pa wowatsogolera, m'malo ololedwa okha. Kwathu kuno ndi dothi lamakande: pamwamba limang'ambika ngati lauma, koma pansi pali matope oti tayala limamira mpaka kutheratu.

Komanso nyanjayi siphwa chaka chilichonse. Inaphwa mu 1968, 1995 ndi 2018, ndipo inali nthawi ya misozi kwa asodzi a matemba ndi makumba. Musamange bizinesi pa tsoka lotero. Chilwa ili pam'ndandanda wa madambo otetezedwa wa Ramsar chifukwa cha mbalame zam'madzi zomwe zimaswana m'njedza, ndipo phokoso la injini lingazibalalitse.

Njinga muli nayo kale. M'chilimwe tengani alendo ku Zomba, aliyense ndi chipewa chake choteteza mutu, mukawatule padoko la Kachulu. Gwirizanani ndi eni maboti opita kuchilumba cha Chisi, ndipo yambani mwaonana ndi mafumu.