Mukagona ku loji kapena ku hotela: kasungidwe ka ndalama, foni ndi pasipoti

Munthu akalipira chipinda n'kulandira kiyi, mtima umakhala pansi ngati wafika kwawo. Chikwama amaponya pabedi, foni patchaja, pasipoti patebulo, iye ulendo kubafa. Chimene amaiwala n'chakuti kiyi wapatsidwayo ali ndi anzake. Wina ali ndi wokonza m'zipinda, wina ali kwa manijala, ndipo m'maresitihausi ena wina anapita ndi mlendo wa mwezi watha amene sanabweze, loko osasinthidwa. Ogwira ntchito m'mahotela ambiri ndi anthu okhulupirika, moti ena amakuthamangirani ndi ndalama imene mwaiwala pansi pa pilo. Koma chipinda cha alendo ndi malo odutsa anthu, ndipo katundu amasungidwamo monga mmene timachitira mu depoti, maso ali pachikwama.

Malangizowa ndi a mayi wa geni wokaoda katundu ku Kariakoo ku Dar es Salaam kapena ku Johannesburg, wa ntchito ya boma wopita ku msonkhano ku Mponela, Salima kapena Mangochi, ngakhalenso mlimi amene watapa ndalama za fodya ku banki n'kugona m'tauni. Wakuba wa m'malo otere kawirikawiri sathyola chitseko. Amangodikira mphindi zochepa zimene inu eni mungamupatse. Ntchito yanu ndi iwiri: kumumana mphindi zimenezo, ndi kukonzeratu kuti ngati chinthu chimodzi chapita, ulendo wonse usafere pomwepo.

1. Yambirani kunyumba

Tengani zokhazo zimene ulendowo ukufuna. Mphete, wotchi yodula ndi makhadi a ku banki amene simukagwiritsa ntchito zitsale kunyumba.

Ndalama zambiri zikhale ku banki, ku Airtel Money kapena ku Mpamba. K1 miliyoni, ngakhale itakhala ya ma K5,000 okhaokha, ndi mapepala 200, mpukutu umene subisika m'thumba la thalauzi. Ngati n'kosatheka kupewa ndalama zapamanja, zigaweni patatu: zodyera ndi zoyendera za tsikulo m'thumba, zina m'kathumba kapena lamba wobisika mkati mwa zovala, zotsalazo zokasungitsa mukafika. Khadi la ku banki ndi foni zisamagone m'chikwama chimodzi.

Jambulani pasipoti, chiphaso cha unzika, laisensi ndi tikiti yobwererera. Zithunzizo tumizani ku imelo yanu kapena kwa wachibale pa WhatsApp, komanso khalani ndi fotokope m'chikwama china.

Pa foni yanu imbani *#06#. Patuluka nambala ya manambala 15 yotchedwa IMEI, imene imasiyanitsa foni yanu ndi ina iliyonse ngakhale wakuba atasintha simukhadi. Ilembeni papepala pamodzi ndi nambala ya laputopu, yomwe nthawi zambiri imakhala kunsi kwake. Yatsani pulogalamu yolondolera foni: ya Google pa mafoni a Android, kapena Find My pa iPhone. Simukhadinso iikireni PIN yakeyake, chifukwa wakuba akailowetsa m'foni ina amayamba kulandira mauthenga a ku banki ndi a abale anu, n'kumawapempha ndalama m'dzina lanu.

2. Polandirira alendo

Nthawi yofika ndi imene munthu amakhala wotopa, maso ali pafomu, katundu ali kumbuyo. Chikwama cha laputopu chikhale paphewa kapena pakati pa miyendo mpaka mutamaliza kulemba. Ndalama yolipirira chipinda ikonzeretuni musanalowe, kuti musatulutse mpukutu wonse pamaso pa anthu okhala pamipando.

Funsani zinthu zitatu musanalipire: kodi pali mlonda usiku wonse, kodi pali posungitsa zinthu zamtengo wapatali, nanga alendo obwera kudzaona anzawo amalembetsa? Ngati pali mwayi wosankha, pewani chipinda chakumapeto chogundana ndi mpanda kapena choyang'ana kumsewu. Nambala ya chipinda chanu musamaitchule mokweza. Kumene amapereka kiyi wa khadi, mutulutseni m'kachikuto kolembedwa nambala ya chipinda. Khadi likagwa lokha, wotola sadziwa chitseko chake.

3. Mphindi zisanu zoyamba m'chipinda

Musanavule nsapato, yenderani chipindacho. Kiyani chitseko n'kuchikankha, muone ngati loko akugwira. Onani ngati mkati muli kachitsulo kapena tcheni chotsekera. Gwedezani zitsulo za pazenera, osaiwala kazenera ka kubafa. Ngati pali chitseko cholowera chipinda choyandikana nacho, yesani chogwirira chake. Mukapeza chovuta, pemphani chipinda china nthawi yomweyo, katundu asanamasulidwe.

Onaninso pamene pali soketi. M'malo ambiri ili pafupi ndi zenera, ndipo nyengo yotentha ya kunyanja kapena ku Chigwa cha Shire munthu sagona zenera lili lotseka. Akuba amawedza: ndodo yaitali ya kawaya kokhota kunsonga imalowa pakati pa zitsulo n'kukoka foni, thalauzi kapena kachikwama inu muli mtulo. Chilichonse chamtengo chikhale kutali ndi zenera, kumene ndodo singafike.

Oyenda kawirikawiri agule kapena asemetse kwa kalipentala kathabwa kopendekera kolowetsa kunsi kwa chitseko. Chitseko chotsekukira mkati chikakhomedwa kathabwa kotere, ngakhale wokhala ndi kiyi wina salowa mwakachetechete.

4. Sefa: ya m'chipinda ndi ya ku ofesi

Mahotela akuluakulu amaika m'kabati kabokosi kachitsulo kotsekula ndi manambala, kamene ambiri amangoti sefa. Ndi kothandiza, koma dziwani kuti hotela ili ndi nambala kapena kiyi wotsekulira sefa iliyonse, pofuna kuthandiza alendo oiwala manambala awo. Mavuto amabwera ngati nambala imeneyo sinasinthidwe chichokereni ku fakitale. Choncho tsekani sefayo ili yopanda kanthu ndi nambala yanu, kenako yesani ma 0 okhaokha, ma 9 okhaokha, ndi 1234. Ikatseguka, musaikemo kalikonse. Igwedezeninso: sefa yosamangiriridwa kukhoma kapena kukabati imanyamulidwa yonse ngati wailesi.

Ndalama zochuluka, monga mpamba wa geni, ndi bwino kuzisungitsa ku ofesi ya hotela, koma mwadongosolo. Werengani pamaso pa manijala m'chipinda chapadera, ikani mu envulopu, matani, ndipo nonse awiri musayine modutsa pomatapo. Landirani lisiti lonena kuchuluka kwa ndalamazo, tsiku, nthawi ndi dzina la wolandira. Kusungitsa pakamwa pokha kwa mnyamata wa usiku n'kutaya, chifukwa m'mawa mudzapeza pali wina amene sakudziwa kanthu.

Lisiti limeneli lili ndi mphamvu. Werengani chikalata chimene chimamatidwa polandirira alendo kapena kuseri kwa chitseko: mahotela ambiri amanena kuti sadzalipira katundu wosowa m'chipinda ngati sanasungitsidwe ku ofesi. Kumayiko ena lamulo lenilenilo limaika malire. Ku England, lamulo la eni mahotela la 1956 limalola hotela imene yapachika chikalata choyenera kulipira mapaundi 50 okha pa chinthu chimodzi ndi mapaundi 100 pa zonse za mlendo, pokhapokha ngati zinasungitsidwa kapena zasowa chifukwa cha kusasamala kwa hotelayo. Mu London malirewo ndi okwererapo, koma phunziro lake ndi lomwelo kulikonse: chosungitsidwa ndi pepala chili ndi mwini mlandu, chosiyidwa pabedi n'chanu nokha.

5. Kumene kulibe sefa

M'maresitihausi ambiri mulibe zonsezi. Pamenepo kumbukirani kuti wolowa kudzaba amakhala ndi changu, ndipo amayambira malo amene aliyense amabisako: pansi pa matiresi, m'pilo, m'dirowa, m'matumba a jekete yopachikidwa ndi m'kati mwa Baibulo. Malo amenewa apeweni.

Loko wa pa sutikesi amaletsa dzanja lofulumira, koma musamudalire kwambiri. Zipi wamba imang'ambuka ndi nsonga ya cholembera, ndipo wakuba akaiyendetsanso imatsekeka ngati sipanachitike kanthu. Ngati mukusiya laputopu, imangirireni ndi chingwe chake cha waya ku chitsulo cha bedi, kapena ingoyendani nayo. Pasipoti ndi ndalama zikhale pathupi. Kumene bafa lili panja, logawana ndi anthu ena, kiyani chipinda ngakhale mukungopita kukasukusula, ndipo foni ndi kachikwama ka ndalama muziike m'jumbo n'kulowa nazo.

6. Podyera, mu holo ndi poimika galimoto

Apa ndi pamene katundu wambiri amapitira, chifukwa munthu amaona ngati ali pakati pa anzake. Pachakudya cham'mawa timasiya foni patebulo kuti itisungire malo tikukatenga tiyi. Mu holo ya msonkhano, tcheyamani akangoti tikapume, anthu onse amatuluka, malaputopu ali yalayala pamatebulo. Wakuba wa pamalo otere savala nsanza. Amabwera ndi jekete, fayilo m'manja, kupereka moni mwaulemu. Inu mumayesa ndi wa pahotela, a pahotela amayesa ndi mnzanu.

Muchite izi. Potuluka, laputopu ilowe m'chikwama ndipo chikwamacho chituluke nanu. Ngati okonza msonkhano alonjeza kukiya holo, onani ndi maso anu kuti yakiyidwa, ndipo dziwani amene wasunga kiyi. Chikwama musachikoleke kumbuyo kwa mpando. Magetsi akazima musasiye foni yanu patchaja ya pa bala kapena polandirira alendo, pamene mafoni khumi aunjikana ndipo aliyense akungotola. Kabatire koyenda nako n'kotchipa kuposa foni.

M'galimoto musasiye kanthu pampando. Zoika m'buti ziikeni musanafike poimika, anthu asakuoneni mukuzilonga. Ku South Africa kuli akuba amene amagwiritsa ntchito kachipangizo kosokoneza rimoti, moti mumadina koma galimoto osakiyika. Mukadina, kokani chogwirira chitseko musanachoke.

7. Usiku

Wina akagogoda nati watumidwa kudzakonza mpopi kapena TV pamene inu simunaitane, musatsekule. Imbani polandirira alendo mufunse. Foni ya m'chipinda ikalira, wina nati khadi lanu silinadutse ndiye mutchule manambala ake, dulani n'kupita nokha kukafunsa. Palibe hotela, banki kapena kampani ya foni imene ili ndi chifukwa chofunsira PIN yanu.

Nkhani ina anthu amachita nayo manyazi, koma ndi yofunika kuinena. Ena oberedwa m'chipinda anamutsekulira okha wakubayo: mnzawo wongodziwana naye pa bala madzulo omwewo. Ena amathiridwa mankhwala ogonetsa m'chakumwa, n'kudzuka dzuwa lili pamutu, foni, ndalama ndi makiyi a galimoto palibe, ndipo amaopa kukanena. Chakumwa chanu musachisiye patebulo n'kudzachimwanso, ndipo munthu wachilendo muzionana naye pabwalo. Amene mumagonera chipinda chimodzi kuti alawansi itsaleko, gwirizanani za kiyi ndi za alendo kuyambira tsiku loyamba, chifukwa chinthu chikasowa pakati pa anzanu a ku ofesi, khoswe amakhala wakhala pamkhate.

8. Tsiku lonyamuka

Longezani usiku. M'mawa yang'anani musefa, m'masoketi, kubafa ndi pansi pa bedi. Ena amaika nsapato imodzi musefa kuti asachoke pasipoti ili momwemo. Mukasiya katundu ku ofesi podikira basi yamadzulo, landirani katikiti, ndipo zamtengo muchoke nazo.

9. Zikakugwerani

Tsoka silinunkha. Mukaona kuti chinthu chasowa, fufuzani kaye modekha m'zikwama zonse. Kuloza chala wokonza m'chipinda popanda umboni kungachotsetse ntchito munthu wosalakwa, pamene foni ili m'thumba la jekete.

Mukatsimikiza, yambani ndi kutseketsa simukhadi ndi makhadi a ku banki, chifukwa ndalama zimatha kutapidwa m'mphindi zochepa. Kenako uzani manijala, mulembe zimene zasowa, ndipo asayine kope lanu. Pemphani kuti asunge zojambulidwa ndi makamera a CCTV tsiku lomwelo, popeza makina ambiri amafufuta zakale akadzaza. Kumene zitseko n'za khadi, maloko ambiri amasunga mndandanda wa makhadi amene atsekula ndi nthawi yake, ndiye pemphani kuti auwerenge.

Pitani ku polisi mukatenge lipoti, mutatenga nambala ya IMEI ija. Nambala yangozi ya polisi m'Malawi ndi 997, ku South Africa ndi 10111. Foni ikaonetsa pamapu pamene ili, perekani kwa apolisi, musapiteko nokha. Ngati yapita ndi pasipoti muli kunja, tengani lipotilo ndi fotokope ija ku ofesi ya kazembe wa Malawi, monga ku Pretoria, Johannesburg, Dar es Salaam kapena Lusaka, kuti akuthandizeni ndi chikalata chobwererera kumudzi.

Apa m'pamene kukonzekera kwa kunyumba kuja kumabweza. Amene anaika zonse m'chikwama chimodzi amatsala pageti la loji akupempha foni ya mlonda kuti aimbire abale. Amene anagawa patatu amapisa m'lamba, kulipira chipinda, kukwera basi, ndipo nkhani ya foni yobedwayo amakaifotokozera kunyumba.