Vidiyo ya Ukwati Isagone Malo Amodzi: Makalata a Omvera a ku Twapia

WOWULUTSA: Omvera athu a ku Ndola, Kitwe, Luanshya ndi konse kumene mawu athu akufika, yakwana nthawi ya makalata anu. Sabata ino thumba ladzaza ndi madandaulo a anthu ojambula mavidiyo, ndipo ambiri achokera ku Twapia, kaya kwagwanji kumeneko. Tili ndi katswiri wathu, abambo amene anayamba kujambula maukwati kamera idakali yonyamula paphewa. Abambo, takulandirani.

KATSWIRI: Zikomo amayi. Ku Twapia sikunagwe kanthu, yangokwana nyengo yake. Mvula ikangokata, Loweruka lililonse uku chilanga mulilo, uku kitchen party, uko ukwati, ndipo makhadi a kamera amadzaza msanga kuposa matumba a ojambulawo. Tiyeni tiwamve.

WOWULUTSA: Yoyamba ikuti: "Ndine mnyamata wa ku Twapia. Ndimajambula maukwati ndi makamera awiri, ina yanga ina yobwereka, onse pa 4K. Laputopu yanga yadzaza, ndipo ndikamaedita chithunzi chimangodukaduka. Kandalama kamene ndasunga kangakwane chinthu chimodzi: hadi ya ekisiteno ya 2TB, kapena SSD ya 500GB. Anzanga akuti SSD ndiyo yamakono. Ndigule iti?"

KATSWIRI: Mng'ono wanga, walira mvula walira matope. Mwafuna 4K, landiraninso katundu wake. Tiwerengere limodzi. Makamera amene anyamata ambiri ali nawo, monga Sony a7 III, akamajambula 4K amalemba mamegabiti 100 pa sekondi. Ola limodzi ndi 45GB. Makamera awiri, iliyonse maola atatu, kuyambira kutchalitchi mpaka kuholo, ndi 270GB ukwati umodzi wokha. Pa SSD ya 500GB maukwati awiri sakwanapo. Pa hadi ya 2TB alowapo asanu ndi awiri, ndipo musadabwe Windows ikakuonetsani 1.81TB, sanakubereni, ndi kawerengedwe chabe. Ife kale pa matepi a MiniDV ola linkadya 13GB, koma tinkadandaula ngati tasenza phiri.

Anzanuwo sakunama kuti SSD ndi yabwino. Mkati mwa hadi muli timbale tozungulira maulendo 5,400 pa mphindi, ndi kadzanja kamene kamayendayenda pamwamba pake kuwerenga, ngati singano ya galamafoni. Imatumiza mamegabayiti 100 kapena 130 pa sekondi, ndipo imaopa kugwa. SSD ilibe chozungulira, ngakhale minibasi ya Twapia ikudumpha m'maenje iyo ilibe nazo ntchito, ndipo ina ngati Samsung T7 imafika cha m'ma 1,000 pa sekondi. Koma liwiro limenelo limafuna khomo lotakasuka. Yang'anani timabowo ta USB pa laputopu yanu. Ka buluu mkati kawirikawiri ndi USB 3. Mukalumikiza pa USB 2.0, kaya ndi SSD yodula bwanji, mupeza mamegabayiti 35 basi, ndipo ukwati uja ukudyerani maola awiri ndi kanthu kuukopera, pamene hadi wamba pa khomo la buluu ikanatha m'mphindi 40.

WOWULUTSA: Nanga kudukaduka kuja, si hadi yochedwa?

KATSWIRI: Apo ndi pamene ambiri amataya ndalama, amayi. Mamegabiti 100 ndi mamegabayiti 12.5 okha pa sekondi, hadi iliyonse imakwanitsa. Chimene chimatopa nthawi zambiri ndi ubongo wa laputopuyo, chifukwa vidiyo ya 4K imabwera yopanikizidwa kwambiri, ndipo kuimasula pamene ukuiseweretsa ndi ntchito yakalavula gaga. Mankhwala ake ndi aulere. Mu Premiere Pro ndi mu DaVinci Resolve muli njira yopangira ma proxy, timakope topepuka ta vidiyo iliyonse. Mumaedita ndi timeneto, ndipo potulutsa vidiyo yomaliza pulogalamu imabwerera yokha ku 4K ija. Muziisiya ipange usiku inu mukugona.

Choncho ine ndikuti gulani hadi ya 2TB ikhale nkhokwe. Samutsirani kumeneko ntchito zakale, laputopu ipume. Ukwati watsopano uzikhala ponse pawiri, pa hadi ndi pa laputopu, kapena pa hadi ndi pa makhadi osafufuta, mpaka eni ake atalandira. Ndalama ikabweranso, musathamangire SSD, gulani hadi yachiwiri yofanana ndi yoyambayo. SSD ibwere kachitatu, ikhale lichero logwirirapo ntchito ya lero. M'lichero sitisungiramo chimanga cha chaka chonse.

WOWULUTSA: Mahadi awiri osunga zinthu zofanana, mnyamatayu sanena kuti ndi kuwononga ndalama?

KATSWIRI: Inenso ndinkatero. Chaka china ndinajambula maliro a gogo wina ku Kabushi, ana ake ena ali kunja sanathe kubwera, ankadikira vidiyo. Ndinakopera pa hadi, makhadi ndinafufuta chifukwa mawa lake kunali ukwati. Madzulo mwana wanga anakola chingwe ndi phazi, hadi ili mkati mozungulira, phii pasimenti. Kuchokera pa tebulo lofika m'mawondo, amayi. Sinadzukenso. Ukwati mwina ungapemphe anthu avalenso ujambule zithunzi pang'ono, nanga maliro ungapemphe ndani abwereze? Ndinapita ndekha kukagwada pakhomo paja, ndipo mpaka lero ndikadutsa msewu umenewo ndimayang'ana kumbali.

Ngakhale akuluakulu zinawaonekera. M'chaka cha 1998 ku kampani ya Pixar ku America, akupanga filimu ya Toy Story 2, lamulo limodzi lolakwika pa kompyuta linafufuta pafupifupi filimu yonse, ndipo atapita kukatenga kope losunga anapeza kuti silinkasungika bwino. Anawapulumutsa ndi mayi wina wa pakampanipo, Galyn Susman, amene anali ndi kope kunyumba chifukwa ankagwira ntchito akulera khanda. Wojambula zithunzi wina, Peter Krogh, anatchukitsa lamulo loti 3-2-1: makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi likhale kunyumba ina. Kwathu kuno nyumba inayo ikhoza kukhala kwa azakhali ku Lubuto. Wakuba akathyola, amanyamula chikwama chonse, laputopu ndi hadi zili momwemo.

WOWULUTSA: Pepani abambo, nkhani ya maliro ija yandikhudza. Yachiwiri yachokera kwa amayi a m'kwaya, ku Twapia komweko. Akuti: "Tinasonkha ndalama tinagula fulashi ya 2TB pamsika wina, yotchipa kwambiri. Tinaikamo mavidiyo onse a kwaya yathu. Mayina akuoneka, koma oyambirira okha ndi amene akutseguka. Kodi ndi vairasi?"

KATSWIRI: Amayi anga, si vairasi, anakugulitsani mphaka m'thumba. Fulashi ya 2TB ya mtengo wa nkhuku kulibe. Anthu achinyengo amatenga kafulashi ka 16GB kapena 32GB n'kukaphunzitsa kunama, kompyuta ikafunsa kukula kwake kamayankha kuti 2TB. Mukamakopera kamavomera zonse, mayina kamalemba bwinobwino, koma malo enieni akangotha, zotsalazo zimangothiridwa m'chitini chobooka. Mavidiyo amene sakutsegukawo sanalowemo n'komwe, choncho musalipire munthu kuti awabweze. Funsani mamembala, mwina ena akadali nawo m'mafoni.

Ulendo wina mukagula fulashi kapena memori khadi, musanaikemo kanthu, iyeseni ndi kapulogalamu kaulere ka Windows kotchedwa H2testw. Kamadzaza fulashi yonse kenako n'kuwerenganso, bodza limaonekera poyera. Tengani lisiti. Ndipo ngakhale fulashi yeniyeni, ntchito yake ndi kunyamula vidiyo kupita nayo kwa mwini wake, osati kusungiramo mbiri ya kwaya.

WOWULUTSA: Iyi ndi yaifupi, yachokera ku Chimwemwe ku Kitwe. "Fulashi yanga ili ndi malo 50GB, koma ikukana vidiyo ya 6GB, ikuti yakula. Bwanji?"

KATSWIRI: Inakonzedwa mwa FAT32, imene silandira fayilo imodzi yopitirira 4GB. Chotsanimo zonse kaye, muifomate mwa exFAT, yatha. exFAT imawerengeka pa Windows ndi pa Mac pomwe. NTFS ndi ya Windows, Mac imangoiwerenga koma osalembapo. Chenjezo limodzi: ma TV ena akale amangodziwa FAT32, ndiye ngati apongozi akaonera pa TV, yesani kaye musanapereke.

WOWULUTSA: Ina iyi akulemba mokwiya ndithu, bambo wa situdiyo ku Masala. "Ndinaedita ukwati masiku anayi. Lero kutsegula, paliponse pafiira, palembedwa Media Offline. Mnyamata wanga akuti anangokonza mafoda kuti aoneke bwino. Ndimuchotse ntchito?"

KATSWIRI: Ayi akulu, musiyeni mwanayo adye nsima, ntchito yanu sinatayike. Pulogalamu yoeditira simeza mavidiyo, imangosunga adiresi ya kumene ali. Mukasuntha foda kapena kuisintha dzina, ili ngati munthu wofika pakhomo n'kupeza eni ake anasamuka. Dinani kumanja pa vidiyo yofiirayo, musankhe Link Media mu Premiere kapena Relink mu Resolve, muilozere fayilo imodzi, zinzake izipeza yokha. Nthawi zinanso palibe amene wasuntha kanthu, koma Windows dzulo inatcha hadi yanu E, lero mwayamba kulowetsa fulashi ndiye yaitcha F. Lowani mu Disk Management muipatse chilembo chakutali ngati V, izikhala nacho masiku onse.

Koma mlandu weniweni ndi wanu, akulu, chifukwa mafoda amakonzedwa ntchito isanayambe. Ine ukwati uliwonse uli ndi foda imodzi, dzina lake limayamba ndi chaka, mwezi, tsiku: 2025-08-16_Ukwati_Twapia. Mukatero amadzindandalika okha mwa nthawi yake. M'kati mwake muli Kamera_A, Kamera_B, Mawu, Nyimbo, Pulojekiti ndi Zomaliza. Chilichonse cholowa mu vidiyoyo, ngakhale kanyimbo kamene mkwatibwi watumiza pa foni, chiyambe chalowa mu fodayo, osati kuchitenga pa Downloads. Makamera awiriwo musawasakanize, chifukwa onse atha kutcha vidiyo yoyamba C0001, ndipo mukawathira pamodzi kompyuta ifunsa ngati ifafanize inzake. Munthu wotopa pakati pa usiku amangodina kuvomera. Khadi muzikopera lonse ndi timafoda take, osatolamo mavidiyo okha, ndipo musanalifufute yerekezani kuchuluka kwa mafayilo ndi kukula kwake mbali zonse ziwiri. Tsegulaniko atatu, makamaka ya malumbiro.

Ndiwonjezere za magetsi, popeza wa situdiyo ali pa kompyuta ya patebulo. Tonse tikukumbuka 2024, madzi atachepa ku Kariba, magetsi akubwera maola owerengeka, nthawi zina pakati pa usiku. Hadi zikuluzikulu za chaja chakechake zimazima nawo limodzi, ndipo zikazima zili mkati molemba, mafayilo amawonongeka. exFAT ndiye imavulala msanga pamenepa kuposa NTFS, choncho hadi yokhala pa Windows pokha isiyeni pa NTFS. Hadi yaing'ono yodya moto wa laputopu ili pabwino, batire limaiteteza. Wa patebulo agule UPS, ngakhale yongopatsa mphindi khumi zoti atseke bwino. Ndipo nthawi ya mvula, ziphaliwali zikayamba, hadi yosungira izikhala yozula, ili m'kabati.

WOWULUTSA: Wina wangotumiza uthenga pompano, akufunsa ngati sangangoika zonse pa intaneti.

KATSWIRI: 270GB pa bandulo? Agulitsa kamera. Google Drive imapereka 15GB yaulere. Vidiyo yomaliza ya ola limodzi pa 1080p mutha kuitulutsa 4GB kapena 5GB, imeneyo ndiyo muikweze, pamodzi ndi fayilo ya pulojekiti imene ndi yaing'ono kwambiri. Ndipo potumiza pa WhatsApp, muitumize ngati document, imalola mpaka 2GB. Mukaitumiza mwa masiku onse imafinyidwa, nkhope ya mkwatibwi n'kusanduka phala.

WOWULUTSA: Nthawi yatithera, koma iyi sindingaisiye. Yachokeranso ku Twapia. "Hadi yanga ikulira kuti ke, ke, ke, ndipo kompyuta ikuiona mwa apo ndi apo. Muli ukwati wa Loweruka lapitali, sindinapereke. Mnzanga akuti ndiiike m'firiji usiku umodzi."

KATSWIRI: M'firiji muikemo kapenta, mwana wanga. Hadi ikatuluka mozizira imachita thukuta m'kati, ndiye mwaimaliza. Musaitsegulenso ndi sikuludiraiva, kadzanja kaja kamauluka pafupi kwambiri ndi mbale moti kafumbi kamodzi kamakala ngati mwala. Yesani kamodzi kokha chingwe china chachifupi pa bowo lina, chifukwa nthawi zina kulirako ndi njala ya moto. Ikatseguka, musayambe kuonera, koperani ukwatiwo nthawi yomweyo, kuyambira za kutchalitchi. Ikapitiriza kulira, ndiye kuti kadzanja kavulala, ndipo kuiyatsa kulikonse kukukanda mbale.

Chiyembekezo chanu chachikulu chili pa makhadi. Ngakhale munawafomata, ngati simunajambulirepo zina, kawirikawiri mavidiyo akadalimo, anangochotsedwa pa mndandanda. Pulogalamu yaulere ya PhotoRec imatha kuwafukula, koma zofukulazo muzisungire pena, osati pa khadi lomwelo. Makhadiwo atulutseni m'kamera, muwaike mu envulopu. Ngati Loweruka likubwerali muli ndi ntchito, kabwerekeni ena. Ndipo eni ukwati auzeni mawa m'mawa, asamve kwa anthu.

WOWULUTSA: Omvera, sabata yamawa tikamba za mawu, chifukwa makalata odandaula kuti m'vidiyo mukungomveka jenereta m'malo mwa abusa achuluka. Pitirizani kutilembera.

KATSWIRI: Amayi, kamodzi kokha. Mnyamata wa ke, ke, ke uja, ngati hadiyo ili yolumikiza pamene ukutimveramu, usadikire nyimbo yotsekera. Dzuka ukaizule.