ZA CHIPEMBEDZO NDI ZA KUDZIWANA NDI MULUNGU



Mwezi uno tifuna kuunika mau ena amene afala pakati pathu monga moto wa m'tchire. Muwamva pa msika wa Mitundu, pamene mlaliki aimirira ndi chokuzira mau pakati pa ogulitsa mbatata ndi nyemba. Muwamva m'galimoto pa mseu wa ku Dedza. Ndipo ambiri a inu mwawamva m'nyumba mwanu momwe, pakamwa pa ana anu. Mauwo ndi akuti chipembedzo sichipulumutsa munthu, koma chofunika ndicho ubale wa munthu yekha ndi Yesu. Ndi kuti ife Akatolika chipembedzo tiri nacho, koma Yesuyo sitimdziwa. Ena a ife akamva zotere apsa mtima, nayamba kuwerenga zaka za Eklezia ndi maina a Apapa. Ife sitiyamba choncho ai. Makolo anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Tiyeni tiyambe tamlola atimete, ndipo pambuyo pache tidzaona pamene kalumoko kapitirira tsitsi ndi kucheka khungu.

Tsiku lina m'nyengo ya masika tinaitanidwa ku maliro m'mudzi wina wa kufupi ndi Nathenje. Womwalirayo anali tate wobatizidwa ali khanda, amene ife aphunzitsi sitinamuone m'tchalitchi zaka zambiri. Tisanakhale pansi n'komwe, abale ache anatulutsa khadi la mtulo. Linali lodzaza bwino, chaka ndi chaka. Pakuti mlongo wache ankapereka m'malo mwache, kuopa kuti tsiku lotere Akristu angakane kudzaimba. Tsono mwana wa malemuwo, mnyamata amene anatichokera napita ku mpingo wina wa m'tauni, anatiitanira kuseri kwa nkhokwe, nanjuta mwaulemu, nati: "Aphunzitsi, mundikhululukire. Bambo anga khadi anali nalo, koma ine sindinawamvepo akutchula dzina la Yesu m'nyumba mwathu. Kodi khadili likawalankhulira kumene apitaku?"

Tibvomere kuti tinakhala chete kanthawi. Pakuti funso la mnyamatayo siliri lachilendo m'Eklezia. Mneneri Yesaya analifunsa kale kwa anthu a ku Yerusalemu, amene nsembe zao zinali zochuluka ndi manja ao odetsedwa. Ambuye mwini anadzudzula Afarisi chifukwa cha kusamala kutsuka zikho, mtima uli kutali. Ndipo kumbukirani fanizo la mwana wolowerera lija, m'mutu 15 wa Luka. Tonse tiyang'ana mng'ono amene anathawa. Koma taonani mkulu wache. Iyeyo sanachoke pakhomo tsiku ndi limodzi lomwe, analima, anamvera, sanalakwire lamulo. Koma tsiku la phwando zinaoneka kuti zaka zonsezo anakhala m'nyumba ya atate wache ngati waganyu woyembekeza malipiro, osadziwa konse mtima wa atatewo. Akristu anzathu, mwana wamkuluyo ali ndi abale ambiri m'matchalitchi athu, ndipo masiku ena ife amene tilemba zino tiri mmodzi wa iwo.

Musaganize kuti Eklezia aphunzitsa kuti Masakramenti ndi mankhwala ogwira nchito pa munthu wosafuna. Msonkhano waukulu wa Aepiskopi wa ku Trento, umene unakhala kuyambira 1545 kufikira 1563, unanenetsa kuti chaulere cha m'Masakramenti chichokera kwa Kristu, osati ku ubwino wa wansembe. Koma unanenanso kuti chifika kwa iye amene saika chopinga. Mvula imodzimodzi igwa pa dimba ndi pa thanthwe la phiri la Bunda. Pa dimba ilowa pansi, mbeu nimera. Pa thanthwe iyenderera, ndipo dzuwa likatuluka simudziwanso kuti panagwa mvula. Munthu amene alowa m'kulapa wopanda chisoni, naulula machimo amene wapangana kale ndi mtima wache kuwabwereza mawa, atuluka monga analowera, kungoti waonjezapo tchimo lina. Zimenezi ziri m'Katekisimu wathu, ndipo tonse tinaziloweza.

Lamulo lakuti Mkristu alape kamodzi pa chaka ndi kulandira Ukaristia pa nyengo ya Pasaka linaikidwa mu 1215, pa msonkhano wa ku Laterano. Koma lamulolo ndi malire a pansi, oikidwa chifukwa cha ulesi wathu. Mwamuna amene afunsa kuti, "Kodi ndiyenera kulankhula ndi mkazi wanga kangati pa chaka kuti ankhoswe asandiimbe mlandu?" banja lache lafa kale, ngakhale denga liri chiimire. N'chifukwa chache Papa Pius X mu 1905 anaitana Akristu onse kuti azilandira Ukaristia kawirikawiri, ngakhale tsiku ndi tsiku, akakhala opanda tchimo lalikulu ndi a cholinga choongoka.

Pano ife aphunzitsi tiri ndi mlandu wathu. Ansembe a chipani cha White Fathers atafika ku Mua mu 1902, ndi ku Likuni ndi ku Kachebere mu 1903, anatsata lamulo la Kardinali Lavigerie lakuti munthu wamkulu aphunzire zaka zinai asanabatizidwe. Zaka zinaizo sizinali za kuloweza mayankho okha. Zinali zakuti anthu aone ngati munthuyo wasiya ula ndi mitala, ngati apemphera ali yekha, ngati aleza mtima pa mlandu. Ife lero tifunsa mwana Masakramenti ali angati, ayankha kuti asanu ndi awiri, timlemba kuti wakhoza. Koma kodi tinamfunsapo chimene anauza Yesu dzulo usiku? Sitifunsa, pakuti funsolo lichititsa manyazi wofunsa yemwe.

Mpaka apa kalumo kameta bwino. Tsono tione pamene kacheka.

Iwo anena kuti popeza chipembedzo chikhoza kukhala chopanda mtima, tichitaye, tisunge mtima wokha. Koma nkhokwe ikapezeka yopanda chimanga, kodi mwini wache aitentha? Iai, aidzaza. Ndipo chimanga chopanda nkhokwe mudziwa nonse chimene mvula ndi mbuzi zichita nacho. Tibwerere ku banja lija. Alipo mwamuna wina amene ali ndi ankhoswe ndi kalata ya ukwati, koma salankhula ndi mkazi wache. Ameneyo tamdzudzula kale. Aliponso wina amene auza mkazi kuti, "Ine ndikukonda kwambiri, za ankhoswe n'zachabe, za abale ako sindizifuna, ndizibwera usiku pamene mtima wanga wafuna." Kodi alipo mai m'midzi yathu amene angapereke mwana wache kwa munthu wotere? Chikondi chenicheni chifuna mboni, chifuna pangano, chifuna kudya m'mbale imodzi ndi abale a wokondedwayo, ngakhale ena a iwo ndi obvuta.

Ndipo amene anaika zinthu zooneka ndi maso si ansembe, koma Yesu yemweyo amene iwo afuna kukhala naye pa ubale. Iye ndiye analamula ubatizo wa madzi; Iye ndiye anatenga mkate ndi chikho usiku uja, nalamula kuti zizichitidwa; Iye ndiye anapatsa Apostoli mphamvu ya kukhululukira machimo, naika Petro kuweta nkhosa. Palibe munthu anakomana ndi Yesu maso ndi maso koposa Paulo pa njira ya ku Damasiko. Koma werengani mutu 9 wa Machitidwe: Yesu sanamuuze zonse pa mseupo. Anamtumiza m'mudzi kwa Ananiya, munthu wamba wa mpingo, amenenso anali ndi mantha; ndipo Paulo anapenya ndi kubatizidwa m'manja mwa ameneyo.

Tiri nacho chitsanzo china kuno kwathu ku Afrika. Ansembe a White Fathers anafika ku Buganda mu 1879, koma mu 1882 anachokako, nabwerera mu 1885. Zaka zitatuzo ophunzira ao anakhala opanda Misa ndi opanda wansembe, naphunzitsana okha usiku, nachulukabe. Ngati alipo anthu amene akanati, "Tamdziwa Yesu tokha, za ubatizo zitsale," ndi amenewo. Koma mfumu Mwanga itapha Joseph Mukasa pa 15 November 1885, Charles Lwanga ndi anzache anathamangira kwa wansembe kukapempha ubatizo. Ndipo m'mwezi wa May 1886, ataona kuti imfa yafika, Lwanga anabatiza yekha usiku anyamata amene anali asanabatizidwe, mmodzi wa iwo Kizito, wamng'ono wa onse. Pa 3 June anatenthedwa ku Namugongo. Kodi tinene kuti anyamata amenewa anali ndi chipembedzo chabe, kapena ubale chabe? Funsolo iwo sakanalimva konse. Anamkonda Yesu kufikira moto, ndipo chifukwa cha chikondi chomwecho anafuna madzi ache pamutu pao. Papa Paul VI anawalemba m'gulu la Oyera mu 1964, onse pamodzi 22.

Tinenepo za phiri la Bunda, popeza ambiri atifunsa. Makolo athu anali ndi kachisi kumeneko, monganso ku Msinja kwa Makewana, kumene ankapempha mvula kwa Chauta. Lero anthu a mipingo yosiyanasiyana akwera phirilo kukasala kudya ndi kupemphera, ena usiku wonse, ndipo pakati pao pali Akatolika. Kodi alakwa? Kufuna malo a chete kuti ulankhule ndi Mulungu si kulakwa; Ambuye mwini ankakwera mapiri usiku kukapemphera. Koma tsiku la Sabata ankapezeka m'sunagoge pamodzi ndi anthu a kwao. Amene akwera phiri Loweruka atsike Lamulungu, akagwade pa Misa pafupi ndi mnansi wache amene anakangana naye za malire a munda. Pakuti pa phiri n'kwapafupi kukonda Mulungu, popeza palibe wokuponda phazi.

Palinso choopsa china. Munthu akakhala yekha nthawi zonse, wopanda womuyesa, amva mau a mtima wache nawayesa mau a Mulungu. Taona m'midzi yathu wina atatsika ku mapemphero ndi uthenga wakuti matenda a mwana achokera kwa agogo ache. Banja nkupasuka, nkhalamba nkugona panja. Munthuyo anali woona mtima, anasala kudya, analira misozi, koma panalibe wansembe kapena mkulu wa mpingo amene akanamuuza kuti, "Mwana wanga, mau amenewo si a Yesu." Eklezia ndi Katekisimu wache ali ngati chingwe cha mmisiri womanga nyumba: sichimanga khoma, koma chionetsa pamene khoma lapendama.

Atsogoleri athu analiona bvutoli kale. Ambuye Patrick Kalilombe, mwana wa ku Mua, atakhala Episkopi wa Lilongwe mu 1972, anachititsa sinodi ya dayosizi kuyambira 1973 kufikira 1975, ndipo mmenemo munakhazikika miphakati. Cholinga chache chinali chakuti Akristu oyandikana nyumba azikomana, awerenge Mau a Mulungu, aliyense anene chimene chamkhudza, apemphere ndi mau ao, nathandize odwala ndi amasiye. Tsono yang'anani mphakati wanu. M'malo ambiri Mau awerengedwa mothamanga, anthu ayang'ana pansi, ndipo ola lonse lithera pa zopereka, za nsalu ya chikondwerero ndi za amene sanasonkhe. Zoperekazo n'zofunika, sitikana, pakuti tchalitchi silifoleredwa ndi mau. Koma mnyamata wanjala ya Mulungu akakhala pa msonkhano wotere katatu, musadabwe mukamuona pa msika atanyamula chokuzira mau.

Chimene tipempha si chachikulu. Mukalandira Ukaristia, musathamangire kuyang'ana amene abvala bwino. Gwadani, mumuuze Mlendo wanuyo za ngongole ya feteleza, za mwana amene akumwa, za mkwiyo umene mwasunga, m'Chichewa chanu cha kumunda. Mapemphero a m'buku ndi Kolona musasiye, pakuti tsiku limene mtima wauma ndiwo akunyamulani. Koma muonjezepo mau anu. Ndipo inu abambo, ana anu akumveni mukupemphera mokweza m'nyumba, ngakhale mau awiri okha musanagone. Tidziwa nkhalamba ina ya kufupi ndi Mlale, yosadziwa kuwerenga, imene wansembe atafika ndi Ukaristia pa mphasa pache, inaomba m'manja niti, "Mwachedwa, Ambuye, ndakudikirani chiyambire kukolola." Sinali kunena kwa wansembe ai.

Mnyamata wa ku maliro uja tinamyankha kuti khadi sililankhulira munthu, ndi kuti mlandu wa atate ache uli m'manja mwa Mulungu, amene aona zimene mwana sanaone; tinamuuzanso kuti azakhali ache amene anapereka mtulo zaka zonsezo anachita ndi mantha, koma ndi chikondinso, ndipo asawanyoze. Anabvomera, koma kwa ife sanabwerere. Patapita miyezi itatu amai ache anapereka Misa ya mzimu wa malemuwo, ndipo tinamuona atakhala pa benchi la kumbuyo, Baibulo lache m'manja. Anatuluka anthu akupita kukalandira. Dzina lache sitilemba pano, koma a mphakati wa kwao amdziwa, ndipo tawapempha kuti pa msonkhano wao wa mwezi uno, asanatsegule buku la zopereka, ayambe amtchula m'mapemphero.